Ed Blackwell, woimba ng'oma wa ku New Orleans amene matenda sanamusiyitse ntchito

Pa 7 Okutobala 1992, mumzinda wa Hartford ku America, munamwalira Ed Blackwell, mmodzi mwa akatswiri a ng'oma pa nyimbo za jazz. Kunali kutatsala masiku atatu kuti akwanitse zaka 63. Zaka pafupifupi 20 zomalizira za moyo wake anakhala ndi impso zosagwira ntchito, magazi ake akusefedwa ndi makina akuchipatala. M'zaka zomwezo anapitiriza kuyenda maiko, kuphunzitsa ana asukulu ndi kujambula zimbale zomwe anthu okonda jazz akumverabe mpaka lero.

Dzina la Blackwell limayendera limodzi ndi la Ornette Coleman, woimba sakisofoni amene cha m'ma 1960 anabweretsa kaimbidwe katsopano kotchedwa free jazz, kutanthauza jazz yomasuka. Ambiri atamva kaimbidweko koyamba ankati ndi phokoso chabe. Pamene anzake m'bandimo ankasiya malamulo akale a nyimbo, Blackwell anasunga kugunda kwa ng'oma kumene munthu angathe kuvinira, ndipo zimenezi zinathandiza kuti nyimbo zachilendozo zilowe m'makutu a anthu.

Ubwana wake ku New Orleans

Edward Joseph Blackwell anabadwa pa 10 Okutobala 1929 ku New Orleans, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, m'chigawo cha Louisiana, kumwera kwa America. Kumeneko ndi kumene jazz inayambira. Pa nthawi ya ukapolo, akapolo ochokera ku Africa ankaloledwa kusonkhana Lamulungu pabwalo lotchedwa Congo Square, n'kumaomba ng'oma ndi kuvina magule akwawo. M'madera ambiri a America ng'oma za akapolo zinali zoletsedwa, choncho mzinda umenewu unasunga zinthu zomwe kwina zinatayika.

Mwana wokulira ku New Orleans ankamva ng'oma mumsewu asanazimve n'komwe pa wailesi. Pa maliro a anthu akuda, bandi ya malipenga inkaperekeza thupi kumanda ikuimba nyimbo zachisoni pang'onopang'ono. Pobwerera kumanda ng'oma zinkasintha, n'kuyamba kuthamanga, ndipo khamu la anthu linkatsatira pambuyo likuvina. Kwathu kuno, kumene gule amatuluka pa maliro, zimenezi sizingadabwitse munthu. Kunalinso magulu a anthu akuda otchedwa Mardi Gras Indians, ovala zovala za nthenga ndi mikanda, oimba nyimbo zoti mmodzi atsogolere ena avomere. Blackwell anakula akutsatira mabandi amenewa ndi kumvetsera mapazi a anthu ovina gule wogogoda pansi ndi nsapato za tizitsulo. Ali kusekondale anaimba ng'oma yaing'ono m'bandi yoguba ya pasukulu.

Ntchito yolipidwa anaiyamba cha m'ma 1949, m'bandi ya abale awiri, Plas ndi Raymond Johnson, yomwe inkaimba nyimbo zovinira m'malo achisangalalo. Mtima wake unali pa jazz ya makono a nthawiyo, yotchedwa bebop, ndipo amene ankamutsanzira kwambiri anali Max Roach, woimba ng'oma amene ankaziliza ngati zikuimba nyimbo yokhala ndi chiyambi ndi mathero.

Tifotokoze pang'ono za ng'oma za bandi ya jazz. Pabwalo la gule, ng'oma iliyonse imakhala ndi mwini wake: wina ali pa mbalule, wina pa mpanje. Mu jazz munthu mmodzi amakhala pampando n'kuzigwira zonse. Phazi lamanja limaponda ng'oma yaikulu, lamanzere limatsegula ndi kutseka mbale ziwiri zachitsulo, manja ali ndi timitengo togogodera ng'oma zing'onozing'ono ndi mbale zina zopachika. Ziwalo zinayi zimagwira ntchito zinayi nthawi imodzi.

Kukumana ndi Ornette Coleman

Mu 1951 Blackwell anasamukira ku Los Angeles, m'chigawo cha California. Kumeneko anagwirizana ndi Ornette Coleman, mnyamata wa ku Fort Worth ku Texas, wobadwa mu 1930. Coleman analibe mbiri yabwino pakati pa oimba anzake. Akakwera pansanja ndi sakisofoni yake, ena ankaleka kuimba kapena kutsika, poganiza kuti sadziwa nyimbo. Kuti apeze chakudya ankagwira ntchito yoyendetsa chikepe m'sitolo yaikulu.

Vuto linali lakuti Coleman sankatsata njira yomwe ena onse ankatsata. Mu bebop nyimbo imakhala ndi mndandanda wa mawu a piyano wokonzeratu, umene umabwerezedwa mofanana mpaka nyimbo ithe. Woimba aliyense amapeka zake pomwepo, koma mkati mwa mndandandawo, monga wobzala amatsata mizere yolimidwa kale. Coleman ankatsata kamvekedwe ka nyimboyo ndi mmene mtima ukumutengera. Ankatha kutalikitsa gawo lina, kufupikitsa lina, kapena kukhotera kumene wina sanayembekezere. Woimba ng'oma wodalira kuwerenga yekha ankasochera. Pankafunika munthu womvetsera ndi kuyankha nthawi yomweyo.

Blackwell anamva nzeru m'kaimbidweko pamene ena ankamva zolakwika. Awiriwa anakhala m'nyumba imodzi kwa kanthawi, akuyeserera tsiku ndi tsiku, sakisofoni ndi ng'oma basi, popanda wowalemba ntchito. Mnyamata wina wa ku Los Angeles komweko, Billy Higgins, wobadwa mu 1936, ankabwera kudzaonera, ndipo anatolapo zambiri pa kaimbidwe ka Blackwell.

Chapakati pa zaka za m'ma 1950 Blackwell anabwerera kwawo. Ku New Orleans anaimba m'gulu la American Jazz Quintet pamodzi ndi Ellis Marsalis wa piyano, bambo wake wa Wynton ndi Branford Marsalis, komanso Alvin Batiste ndi Harold Battiste. Mu 1957 anayenda ndi bandi ya Ray Charles. Nthawi imeneyo kumwera kwa America kunali malamulo atsankho olekanitsa azungu ndi anthu akuda m'mahotela, m'mabasi ndi m'malo oimbira, ndipo jazz yamakono inalibe msika waukulu mumzindamo.

Mwayi wa Coleman unafika Blackwell ali kutali. Mu 1959 kampani ya Atlantic inajambula chimbale cha The Shape of Jazz to Come, ndipo mu Novembala chaka chomwecho bandi ya Coleman inayamba kuimba pamalo otchedwa Five Spot ku New York. Mzinda wonse wa oimba unagawanika, ena akuyamikira, ena akunyoza. Pa ng'oma panali Billy Higgins, mnyamata uja ankabwera kudzaonera.

Zaka za ku New York

Masiku amenewo apolisi a ku New York ankapereka chiphaso kwa aliyense wogwira ntchito pamalo ogulitsa mowa, ndipo woimba wopanda chiphasocho sankaloledwa pansanja. Mu 1960 Higgins anapezeka alibe chiphaso, Coleman n'kuitanitsa mnzake wakale. Blackwell anafika ku New York ali ndi zaka 30, ndipo m'miyezi yosakwana 18 anajambula nawo zimbale zomwe zinasintha mbiri ya jazz.

Mu Juni ndi Julayi 1960 anaimba pa chimbale cha John Coltrane ndi Don Cherry chotchedwa The Avant-Garde, chomwe chinatuluka mu 1966. Mu Julayi ndi Ogasiti anajambula This Is Our Music ndi Coleman, Don Cherry wa lipenga ndi Charlie Haden wa besi. M'bandimo munalibe piyano, choncho besi ndi ng'oma ndizo zinkagwira nyimbo kuti isamwazike.

Pa 21 Disembala 1960 Coleman anasonkhanitsa anthu asanu ndi atatu mu situdiyo, n'kuwagawa m'mabandi awiri a anthu anayianayi, oimba nthawi imodzi. Kumbali ina kunali Coleman, Cherry, Scott LaFaro ndi Higgins, kwinaku kuli Eric Dolphy, Freddie Hubbard, Haden ndi Blackwell. Anaimba nyimbo imodzi ya mphindi pafupifupi 37 osaima, mbali yaikulu akupeka pomwepo. Chimbalecho chinatchedwa Free Jazz, ndipo dzinali linasanduka la kaimbidwe konseko. Mu Januwale 1961, pa chimbale cha Ornette!, Coleman anapereka nyimbo ya T. & T. pafupifupi yonse kwa ng'oma za Blackwell. Womvera amamvamo ng'oma zolira mosiyana zikufunsana ndi kuyankhana, ngati kuti pali anthu awiri kapena atatu.

Pa 16 Julayi 1961 Blackwell anali pa Five Spot pomwepo ndi bandi ina, ya Eric Dolphy ndi Booker Little wa lipenga, pamodzi ndi Mal Waldron wa piyano ndi Richard Davis wa besi. Zomwe anajambula usiku umodzi umenewo zinadzaza zimbale zitatu. Pasanathe miyezi itatu, pa 5 Okutobala 1961, Booker Little anamwalira ali ndi zaka 23 zokha, impso zake zitaleka kugwira ntchito. Nthawi imeneyo makina osefa magazi a odwala a nthawi yaitali anali atangoyamba kumene ndipo ankafikira anthu ochepa kwambiri. Matenda a impso omwewo anadzamugwira Blackwell patapita zaka 12.

Chomwe chinamusiyanitsa ndi anzake

M'zaka za m'ma 1960 oimba ng'oma ena a jazz yomasuka anatenga njira ina. Sunny Murray, amene anaimba ndi Cecil Taylor ndi Albert Ayler, komanso Milford Graves, anasiya kugunda kofanana kumene phazi lingatsatire. Ng'oma zawo zinkamveka ngati mafunde kapena mvula yamkuntho, zikukwera ndi kutsika. Blackwell sanapite kumeneko. Anasunga kugunda kwa bandi yoguba ya kwawo, koma anakuphunzitsa kupindika. Sakisofoni ikatalikitsa mawu, iye ankatalikitsa nawo. Ikakhota mwadzidzidzi, ankapezeka ali kale pokhoterapo.

Ng'oma zake ankazikunga mosamala kuti iliyonse ikhale ndi liwu lake, ina lokwera, ina lotsika, kotero kuti akamaimba yekha munthu ankatha kung'ung'udza nyimbo yomwe ng'omazo zikunena. Sankakonda phokoso lalikulu. Nthawi zina ankasiya timitengo n'kugwiritsa ntchito tokhala ndi mitu yofewa, ndipo ankawonjezera kabelu kachitsulo konga kamene amamangirira ng'ombe m'khosi.

Kutchuka kwa zimbalezi sikunabweretse ndalama zambiri. Jazz yomasuka inali ndi omvera ochepa, ndipo Coleman mwini wake anasiya kuimba pagulu kuyambira kumapeto kwa 1962 mpaka 1965. Blackwell anapitiriza ndi Don Cherry, ndipo pakati pa 1965 ndi 1966 anajambula naye zimbale zitatu ku kampani ya Blue Note: Complete Communion, Symphony for Improvisers ndi Where Is Brooklyn?

Ulendo wa ku Africa

Kumayambiriro kwa 1967 boma la America linatumiza bandi ya Randy Weston, woimba piyano, paulendo wa maiko 14, ambiri mwa iwo a kumadzulo ndi kumpoto kwa Africa. Blackwell ndiye anali pa ng'oma. Ulendowo unathera ku Morocco, kumene Weston anadzakhazikika, ndipo Blackwell anabwererakonso n'kukhala naye kwa kanthawi.

Kumadzulo kwa Africa anaona ndi maso ake mmene oimba ng'oma angapo amagwirira ntchito limodzi. Aliyense amagwira kachigawo kake kakang'ono n'kumakabwereza, belu likusunga nthawi, ndipo kukoma kwa nyimbo kumachokera pa kulukana kwa tizigawoto. Blackwell anazindikira kuti zomwe ankamva ali mwana m'misewu ya New Orleans zinali zaubale ndi zimenezi. Atabwerera anayamba kugawa tizigawo totere kwa manja ndi mapazi ake, dzanja lina likuyenda patatupatatu pamene lina likuyenda pawiripawiri.

Zipatso za ulendowu zimamveka bwino pa chimbale cha Mu, chomwe iye ndi Don Cherry anajambula awiriwiri ku Paris mu Ogasiti 1969. Cherry akuimba lipenga laling'ono, zitoliro zansungwi ndi piyano, Blackwell akumuyankha ndi ng'oma, popanda besi kapena chida china chodzaza mpata. Pa nthawiyi anali atabwereranso m'bandi ya Coleman, ndipo mu 1971 anaimba pa chimbale cha Science Fiction, pamene pa nyimbo zina iye ndi Higgins akuomba ng'oma limodzi.

Moyo wodalira makina

Cha m'ma 1973 impso za Blackwell zinaleka kugwira ntchito. Ntchito ya impso ndi kusefa magazi, kuchotsa zoipa ndi madzi osafunika kudzera mumkodzo. Zikafa, zoipazo zimaunjikana m'thupi, munthu amatupa ndi kufooka, ndipo popanda chithandizo sakhalitsa. Chithandizo chodziwika ndi kulumikiza wodwala ku makina amene amatulutsa magazi, kuwasefa ndi kuwabwezera m'thupi. Kawirikawiri zimenezi zimachitika katatu pa mlungu, maola pafupifupi anayi ulendo uliwonse, ndipo wodwala amachokapo atatopa. Amayeneranso kuchepetsa madzi akumwa ndi mchere. Makinawa sachiritsa impso, amangogwira ntchito m'malo mwake.

Mu 1972 nyumba ya malamulo ya America inavomereza kuti boma lizilipira chithandizochi kwa odwala impso ambiri, ndipo lamulolo linayamba kugwira ntchito mu Julayi 1973. Koma woimba jazz alibe malipiro a pamwezi, amadya zomwe waimba usiku umenewo. Mutu umodzi susenza denga: oimba anzake anakonza madansi osonkhetsa ndalama zothandizira iye ndi banja lake. Chinanso chomwe chinamuchirikiza ndi ntchito yophunzitsa pa yunivesite ya Wesleyan, mumzinda wa Middletown ku Connecticut, yomwe anaiyamba m'zaka za m'ma 1970 n'kuigwira mpaka imfa yake. Pa yunivesite yomweyo pankaphunzitsanso Abraham Adzenyah, katswiri wa ng'oma wa ku Ghana, choncho Blackwell anali pafupi ndi ng'oma za kumadzulo kwa Africa ngakhale anali ku America.

Kwa munthu wodalira makina otere, ulendo uliwonse wautali umafuna kukonzeratu kumene akalandire chithandizo, chifukwa kudumphitsa masiku kungathe kupha. Ng'oma nazo zimafuna mphamvu za manja, miyendo ndi msana kwa maola awiri kapena atatu. Ambiri akanapuma ntchito, koma Blackwell anayamba gawo latsopano.

Mu 1976 iye, Don Cherry, Charlie Haden ndi Dewey Redman wa sakisofoni anapanga gulu la Old and New Dreams. Onse anayi anali atagwirapo ntchito ndi Coleman, amene pa nthawiyo anali atatembenukira ku magitala amagetsi. Gululi linkaimba nyimbo zakale za Coleman pamodzi ndi zawo zatsopano. Pa chimbale chawo cha 1979 cha ku kampani ya ECM pali nyimbo ya Blackwell yotchedwa Togo, yomangidwa pa ng'oma za kumadzulo kwa Africa, komanso ya Cherry yotchedwa Guinea. Mu 1980 anajambula chimbale cha Playing pamaso pa anthu ku Bregenz, ku Austria, ndipo chaka chomwecho Blackwell ndi Redman anaimba awiriwiri ku Willisau, ku Switzerland. Mu 1982 iye ndi Cherry anajambulanso chimbale cha anthu awiri, El Corazón, ku Germany.

M'zaka za m'ma 1980 anaimbanso ndi Mal Waldron, mnzake wa usiku uja wa ku Five Spot, ndi oimba achinyamata monga David Murray. Mu Novembala 1987 ku Atlanta kunachitika chikondwerero chomulemekeza iye akadali moyo. Gulu la Old and New Dreams linajambula kumeneko chimbale chake chomaliza, A Tribute to Blackwell, ndipo anzake a American Jazz Quintet anakumananso pansanja patatha zaka pafupifupi 30. Mu Disembala 1991 anaimba pa chimbale cha Joe Lovano chotchedwa From the Soul.

Masiku omaliza

Pafupifupi moyo wake wonse Blackwell anaimba m'mabandi otsogoleredwa ndi anthu ena, dzina lake likulembedwa m'munsi mwa chikuto cha chimbale. Chakumapeto anakhala ndi gulu lakelake, Ed Blackwell Project, mmene munali Graham Haynes wa lipenga, Carlos Ward wa sakisofoni ndi chitoliro, ndi Mark Helias wa besi. Mu Ogasiti 1992 gululi linaimba pamalo otchedwa Yoshi's ku Oakland, ku California, ndipo Don Cherry anabwera kudzaimba nawo nyimbo imodzi. Zomwe anajambula zinatuluka pa zimbale ziwiri, What It Is? ndi What It Be Like? Patangotha miyezi iwiri Blackwell anamwalira. Mu 1993 magazini ya jazz ya DownBeat inalemba dzina lake pa mndandanda wa akatswiri ake olemekezeka.

Anzake a m'bandi ya Coleman ya 1960 anamutsatira mmodzimmodzi: Don Cherry mu 1995, Charlie Haden mu 2014 ndi Coleman mwini wake mu 2015. Billy Higgins anamwalira mu 2001.

Amene akufuna kumva ng'oma za Blackwell angayambire pa nyimbo ya Togo, chifukwa khutu lozolowera ng'oma za pabwalo silichedwa kuitsatira. Kenako amvere T. & T. ya 1961, yojambulidwa iye asanapondeko ku Africa, n'kuyerekeza ziwirizi. Pakati pa nyimbozo pali zaka 18, ulendo wa ku Africa ndi zaka zisanu ndi chimodzi za matenda a impso.